Nyimbo yosakwana mphindi yomwe ikusowetsabe tulo boma la Russia

Mu December 2025 bwalo la milandu mumzinda wa Moscow lidagamula kuti gulu loyimba la Pussy Riot ndi la anthu oopsa ofuna kusokoneza dziko. Kodi zidatani kuti amayi opanda mfuti, ongonyamula magitala ndi zipewa zoluka, aopedwe chonchi ndi limodzi mwa maboma amphamvu kwambiri padziko lapansi? Tikuunika nkhaniyi.

Amene adaonera ndime yotsiriza ya mpira wa chikho cha dziko lonse pa 15 July 2018, kaya kunyumba kaya m'nyumba zoonetsera kanema pamsika, mwina akukumbukira zomwe zidachitika chigawo chachiwiri chitangoyamba kumene.

Timu ya France idali patsogolo ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi pomwe anthu anayi ovala yunifolomu ya apolisi adangoti balamanthu m'bwalo la Luzhniki ku Moscow. Woyimbira adaimitsa mpira. Mtsikana mmodzi mwa anayiwo adathamangira kwa Kylian Mbappé n'kuwombana naye m'manja, pomwe mnzake wamwamuna adagwidwa ndi Dejan Lovren, wotchinga kumbuyo wa Croatia. Posakhalitsa achitetezo adawaduduluzira kunja onse anayi, mpira n'kupitirira.

Ambiri adangoti ndi ochemerera omwe mowa udawalowa m'mutu. Koma anayiwo sadali apolisi ndipo sadali zidakwa. Adali mamembala a gulu la Pussy Riot, ndipo adasankha dala tsikulo podziwa kuti mtsogoleri wa dziko lawo, Vladimir Putin, ali m'bwalomo pamodzi ndi atsogoleri a France ndi Croatia, komanso kuti maso a dziko lonse ali pomwepo. Uthenga womwe guluri lidatulutsa nthawi yomweyo udali wopempha boma kuti limasule omangidwa pazifukwa za ndale, lisiye kunjata anthu pazionetsero komanso lilole zipani kupikisana momasuka. Aliyense mwa anayiwo adakaseweza masiku 15 m'chitokosi.

Papita zaka zingapo chichitikireni izi, koma mkangano wa oyimbawa ndi boma la Putin sudathe. Mu September 2025 mamembala asanu adagamulidwa kukakhala kundende, ndipo patatha miyezi itatu gulu lonse lidaletsedwa. Kuti timvetse chomwe chidautsa mkanganowu tiyenera kubwerera m'mbuyo kufika m'chaka cha 2011.

Chamba cha anthu okwiya

Pussy Riot imayimba chamba chotchedwa punk, chomwe chidayamba cha m'ma 1970 m'mizinda ya New York ndi London. Nyimbo za chambachi zimakhala zazifupi, zothamanga ndi zaphokoso, ndipo woyimba amachita ngati akukalipa. Eni chambachi amati munthu sasowa kupita kusukulu ya zoyimbayimba kuti atole gitala. Chachikulu n'chakuti akhale ndi chomwe chikumuwawa mumtima.

Chambachi chidayamba kalekale kulimbana ndi akuluakulu. M'chaka cha 1977 wailesi ya BBC idakana kuwulutsa nyimbo ya gulu la Sex Pistols chifukwa idali yonyoza ufumu wa ku Britain. Chaka chotsatira gulu la The Clash lidayimba pamsonkhano waukulu wodzudzula tsankho la mtundu ku London. Cha m'ma 1990 atsikana a ku America adatenga chamba chomwechi n'kumayimbira za nkhanza zomwe amayi amakumana nazo. Apa ndi pomwe atsikana a ku Moscow adatengera nzeru.

Gulu lawo lidabadwa m'chaka cha 2011, nthawi yomwe ndale za ku Russia zidafika potentha. Putin adalamula dzikolo kuchokera mu 2000 mpaka 2008, ndipo poti malamulo sankamulola kuima kachitatu motsatizana, adasiyira mpando mnzake Dmitry Medvedev, iye n'kukhala nduna yaikulu. Mu September 2011 awiriwa adalengeza kuti asinthananso mipando. Anthu ambiri, makamaka achinyamata a m'mizinda, adaona ngati awapusitsa. Chisankho cha aphungu cha mu December chaka chomwecho chitadzadza ndi madandaulo a kubera mavoti, anthu zikwizikwi adakhamukira m'misewu ya Moscow.

Dzina la guluri ndi la Chingerezi ndipo lili ndi mawu olaula omwe sitingawatanthauzire patsamba lowerenga banja lonse. Adalisankha dala kuti aliyense wolimva adzidzimuke. Mamembala ankavala madiresi a mitundu yowala ndi zipewa zoluka zobisa nkhope yonse, zongosiya maso ndi pakamwa, pofuna kuti pasakhale wotchuka kuposa mnzake komanso kuti apolisi asawazindikire. Sankayimba m'maholo olipiritsa pakhomo. Ankangotulukira pamalo pomwe palibe akuwayembekezera, monga pasiteshoni ya sitima kapena padenga la nyumba yoyandikana ndi ndende, n'kuyimba mphindi imodzi kapena ziwiri, anzawo akujambula kanema yoti akaike paintaneti.

Mu January 2012 amayi asanu ndi atatu adakwera pansanja ina yamiyala pabwalo la Red Square, pafupi ndi likulu la boma la Kremlin, n'kuyimba nyimbo yonena kuti Putin wagwidwa ndi mantha. Apolisi adawagwira koma adawamasula tsiku lomwelo. Nkhani idakula patatha mwezi umodzi, pomwe amayiwa adalowa m'nyumba ya Mulungu.

Tsiku lomwe adalowa m'tchalitchi

Pa 21 February 2012, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho cha pulezidenti chichitike, amayi asanu adalowa m'tchalitchi chachikulu cha mpingo wa Orthodox ku Moscow, chotchedwa Cathedral of Christ the Saviour. Nthawiyo munalibe mapemphero. Adavala zipewa zawo, nakwera kutsogolo kufupi ndi guwa, pamalo pomwe pamaima ansembe, n'kuyamba kudumpha, kuponya zibakera m'mwamba, kugwada ndi kuchita chizindikiro cha mtanda. Mphindi isanakwane alonda adali atawatulutsa.

Kanema yomwe adaika paintaneti idali ndi nyimbo yomwe eni ake adaitcha pemphero. M'nyimboyo ankapempha Maria, amayi a Yesu, kuti athamangitse Putin, komanso ankadzudzula mtsogoleri wa mpingowo, Patriarch Kirill, kuti akukhulupirira Putin m'malo mwa Mulungu. Mudalinso mawu achipongwe omwe sayenera kumveka m'tchalitchi.

N'chifukwa chiyani adasankha tchalitchi? Masabata awiri izi zisanachitike, Kirill adakumana ndi Putin pamaso pa makamera n'kuyamikira zaka za ulamuliro wake kuti n'chozizwitsa chochokera kwa Mulungu. Kwa amayiwa, apa mpingo udali utalowa kale m'kampeni, ndipo iwo adati adangotsatira ndale komwe zidakabisala.

Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wandale akatsamira mpingo, womudzudzula amakhala pavuto chifukwa mwala wolinga khoswe ukhoza kuswa mkhate. Amayiwa adaponyabe mwalawo, ndipo Akhristu ambiri a ku Russia adamva kuti chomwe chasweka ndi mkhate wawo.

Kupwetekedwa mtima kwa Akhristuwo sikudali kwachiphamaso, ndipo mbiri ya tchalitchicho ikufotokoza chifukwa chake. Tchalitchi choyamba pamalopo chidamangidwa pothokoza Mulungu kuti dziko la Russia lidagonjetsa Napoleon m'chaka cha 1812, ndipo chidatsegulidwa mu 1883. Mu December 1931 boma la chikomyunizimu la Joseph Stalin, lomwe linkadana ndi chipembedzo, lidachiphwasula ndi mabomba. Pambuyo pake pamalopo adakumbapo dziwe lalikulu losambiramo. Chikomyunizimu chitagwa, tchalitchicho adachimanganso ndipo chidadalitsidwa m'chaka cha 2000. Kwa gogo yemwe adakula akupemphera mobisa, ansembe akumangidwa ndi kuphedwa, kuona atsikana akudumphadumpha paguwa la tchalitchi chimenechi kudali ngati kutokosola bala lakale.

Mlandu womwe udagwedeza dziko

Mu March 2012, mwezi womwe Putin adapambana chisankho, apolisi adanjata amayi atatu: Nadezhda Tolokonnikova, Maria Alyokhina ndi Yekaterina Samutsevich. Tolokonnikova adali ndi zaka 22, ndipo iye ndi Alyokhina aliyense adali ndi mwana wamng'ono kunyumba. Adakanizidwa belo ndipo adakhala m'ndende miyezi isanu akudikira chigamulo. M'khoti ankawakhazika m'kachipinda kagalasi ngati zigawenga zoopsa.

Boma silidawazenge mlandu wonyoza pulezidenti. Lidati adachita zaumbanda chifukwa chodana ndi chipembedzo. Amayiwa adakana, nati cholinga chawo chidali cha ndale, ndipo adapepesa kwa okhulupirira omwe adakhumudwa. Woweruza Marina Syrova sadamve zimenezo. Pa 17 August 2012 adagamula kuti aliyense akaseweze zaka ziwiri kundende. Mu October, pa apilo, Samutsevich adatulutsidwa loya wake ataonetsa kuti alonda adamugwira asanayambe n'komwe kuyimba. Anzake awiri adatumizidwa kundende zakutali ndi ana awo.

Kunja kwa Russia chigamulochi chidautsa mapiri pachigwa. Bungwe la Amnesty International lidati amayiwa adamangidwa chifukwa cha maganizo awo. Woyimba wotchuka Madonna, pokayimba ku Moscow mu August chaka chomwecho, adavala chipewa chobisa nkhope n'kulemba dzina la guluri pamsana pake. Paul McCartney wa gulu lakale la The Beatles adawalembera kalata yowalimbikitsa. Ngakhale Medvedev amene, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu, adati zomwe amayiwa adachita zidamunyansa koma sakuona phindu lopitiriza kuwasunga m'ndende.

Koma kwawo zinthu zidali zina. Kafukufuku wa bungwe loima palokha la Levada adaonetsa kuti anthu ambiri a ku Russia ankaona kuti chilangocho chidali choyenera, enanso n'kumati chidachepa. Apa ndi pomwe ena otsutsa boma amadzudzulira guluri mpaka lero. Iwo amati polowa m'tchalitchi amayiwa adapatsa Putin mphatso, chifukwa adapeza mpata wouza anthu akumudzi ndi opemphera kuti onse ochita zionetsero ku Moscow ndi anthu opanda mwambo, odana ndi Mulungu komanso otumidwa ndi azungu a kumadzulo.

Funso lakuti ndani adalakwa lidafika kubwalo la milandu loona za ufulu wachibadwidwe la maiko a ku Ulaya. Pa 17 July 2018 bwaloli lidapereka chigamulo chomwe chidayang'ana mbali zonse ziwiri. Lidavomereza kuti munthu wophwanya mwambo wa m'nyumba yopemphereramo akhoza kupatsidwa chilango. Koma lidati kutsekera m'ndende anthu omwe sadamenye munthu, sadaononge katundu ndiponso sadauze aliyense kuti achite chiwawa, kudali kupyola muyeso. Lidalamula boma la Russia kuti liwapepese ndi ndalama zokwana mayuro 37,000.

Zomwe adakaona kundende

Boma likadangowalipitsa chindapusa, mwina lero bwenzi dzina la Pussy Riot litaiwalika. Nyimbo zawo panthawiyo zidali zochepa kwambiri, adalibe chimbale, ndipo ngakhale owakonda sanena kuti adali akatswiri a gitala. Ndende ndiyo idawapatsa nkhani yaikulu kuposa yomwe adalowa nayo.

Tolokonnikova adatumizidwa kundende ya amayi yotchedwa IK-14 m'chigawo cha Mordovia. Mu September 2013 adayamba kunyanyala chakudya ndipo adatulutsa kalata yofotokoza moyo wa kumeneko. Adati akaidi ankasoka yunifolomu za apolisi maola 16 kapena 17 patsiku pamakina akutha, ankagona maola anayi okha, ndipo olephera kukwanitsa muyeso wa tsikulo ankalangidwa pokanizidwa kusamba, kupita kuchimbudzi kapena kulowa m'nyumba nthawi yachisanu choopsa. Akuluakulu a ndende adakana zonsezi, ndipo mayiyu adasamutsidwira kutali ku Siberia.

Choonadi sichibisika mpaka kalekale. Kumapeto kwa 2018 nthambi yoyang'anira ndende m'dzikolo idavomera kuti pandendepo akaidi ankagwiritsidwadi ntchito mophwanya malamulo, ndipo mkulu wa ndendeyo adachotsedwa paudindo.

Tolokonnikova ndi Alyokhina adatuluka pa 23 December 2013, kutatsala miyezi yochepa kuti amalize chilango, Nyumba ya Malamulo itapereka chikhululukiro kwa akaidi ena. Iwo adati boma lidangofuna kudziyeretsa pamaso pa alendo omwe ankabwera kumasewero a Olympics mumzinda wa Sochi mu February 2014. Ndipo ku Sochi komweko adapitako kukayimba, komwe gulu la a Cossack, lomwe limathandiza apolisi, lidawakwapula ndi zikoti makamera akujambula.

M'chaka chomwecho cha 2014 awiriwa adayambitsa ntchito yomwe mwina ndiyo yaphindu kuposa nyimbo zawo zonse. Adakhazikitsa nyumba yofalitsa nkhani paintaneti yotchedwa Mediazona, yolemba za m'makhoti, m'ndende ndi nkhanza za apolisi. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka, atolankhani a Mediazona mogwirizana ndi a BBC adayamba kusonkhanitsa maina a asirikali a Russia ofera kunkhondoko, pofufuza mauthenga a maliro, zolemba za abale pamasamba a mchezo komanso poyendera manda. M'chaka cha 2025 maina otsimikizika adapitirira 100,000, pomwe boma limabisa chiwerengerochi.

Kutchuka kudabweretsanso mpungwepungwe m'gulu momwe. Mu February 2014 mamembala ena omwe adakali obisa nkhope adalemba kalata yonena kuti awiriwa salinso m'gululo, chifukwa adakaonekera pachionetsero cha zoyimbayimba cholipiritsa pakhomo ku New York, zomwe zimatsutsana ndi mfundo zomwe adayambira. Awiriwa sadasiye kugwiritsa ntchito dzinalo, ndipo amati aliyense wovala chipewacho n'kudzudzula nkhanza ndi membala.

Lamulo lidagwera ena

Mlandu wa amayiwa udasiya chipsera pamalamulo a dzikolo. M'chaka cha 2013 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa lamulo loti wokhumudwitsa okhulupirira akhoza kumangidwa, mpaka zaka zitatu ngati wachitira zimenezo m'nyumba yopemphereramo. Mu 2017 mnyamata wina wa mumzinda wa Yekaterinburg adapezeka wolakwa palamuloli atajambula kanema akusewera gemu ya Pokémon Go pafoni m'tchalitchi n'kumanyoza chipembedzo. M'chaka chomwecho khoti lalikulu lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova ponena kuti ndi gulu loopsa, ndipo ena mwa okhulupirira ake adamangidwa zaka zingapo chifukwa chosonkhana n'kumapemphera. Boma lomwe linkati likuteteza opemphera lidayamba kusankha kuti opemphera oyenera ndi ati.

Pa 24 February 2022 asirikali a Russia adalowa m'dziko la Ukraine. Patangotha masiku ochepa boma lidakhazikitsa lamulo loti wofalitsa zomwe boma likuti ndi mabodza okhudza asirikali akhoza kukaseweza zaka 15. Patriarch Kirill adaikira kumbuyo nkhondoyo, ndipo mu September 2022 adalalikira kuti msirikali wofera kunkhondoko machimo ake amafafanizidwa. Adalamulanso kuti m'matchalitchi muzinenedwa pemphero lopempha chipambano.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu March 2022 wansembe Ioann Burdin wa m'chigawo cha Kostroma adalipitsidwa chindapusa atalalikira motsutsa nkhondo. Mu 2023 wansembe wina wa ku Moscow, Ioann Koval, adavulidwa unsembe chifukwa m'pemphero lija adachotsa mawu oti chipambano n'kuikapo oti mtendere. Kumayambiriro kwa 2024 zomwezi zidamuonekera Alexei Uminsky, wansembe wodziwika bwino mumzindawo, atakana kunena pempherolo. Anthuwa sadavale zipewa zobisa nkhope, sadadumphe paguwa ndipo sadatukwane. Adangokana kudalitsa nkhondo.

Apa ndi pomwe ngakhale ena omwe adanyansidwa ndi zomwe zidachitika mu 2012 adayamba kuiona mwina nkhaniyi. Njira yomwe amayi aja adatsata idali yachipongwe, koma chomwe ankachenjeza, chakuti mpingo ukagona mphasa imodzi ndi boma umadzasanduka chida cha boma, chidapherezeka.

Oyimba opanda kwawo

Mamembala a guluri alipira mtengo waukulu. Patangotha miyezi iwiri chilowereni m'bwalo la mpira lija, Pyotr Verzilov, mwamuna yemwe adagwidwa ndi Lovren, adadwala mwadzidzidzi mpaka kulephera kuona, kulankhula ndi kuyenda bwinobwino. Adamutengera kuchipatala cha Charité ku Berlin, komwe madokotala adati zizindikiro zikuonetsa kuti n'kutheka kwambiri kuti adapatsidwa poizoni. Palibe yemwe adazengedwapo mlandu pankhaniyi.

Alyokhina adakana kwa nthawi yaitali kuchoka m'dziko lake. M'chaka cha 2021 adamutsekera m'nyumba mwake chifukwa cholemba pamasamba a mchezo zolimbikitsa zionetsero zofuna kuti wotsutsa boma Alexei Navalny amasulidwe, ndipo adalowa n'kutuluka m'chitokosi kangapo konse. Mu April 2022, khoti litalamula kuti apite kundende, adavala yunifolomu ya anthu operekera chakudya m'makomo, nazemba apolisi omwe ankalondera nyumba yomwe ankakhala, n'kudzera ku Belarus mpaka kukafika ku Lithuania. Navalny adafera m'ndende mu February 2024.

Tolokonnikova naye adachoka. Boma lidamuika m'kaundula wa anthu omwe limati ndi otumidwa ndi maiko akunja mu December 2021. Nkhondo itayamba adathandiza kusonkhetsa ndalama pafupifupi madola 7 miliyoni zothandizira anthu a ku Ukraine, ndipo mu 2023 apolisi a ku Russia adalengeza kuti akumusaka atatulutsa kanema yoonetsa iye ndi amayi anzake akutentha chithunzi chachikulu cha Putin.

Mu September 2025 khoti la ku Moscow lidaweruza mamembala asanu eni ake kulibe. Alyokhina adapatsidwa zaka 13, Taso Pletner zaka 11, pomwe Olga Borisova, Diana Burkot ndi Alina Petrova adapatsidwa zaka 8 aliyense. Mlandu wawo udali wofalitsa mabodza okhudza asirikali kudzera m'kanema ya nyimbo yodzudzula nkhondo yomwe adatulutsa mu 2022, komanso pachionetsero chomwe adachita mumzinda wa Munich ku Germany mu 2024. Kenaka pa 15 December 2025 kudabwera chigamulo choletsa gulu lonse.

Chigamulo chomalizachi sichipweteka kwenikweni oyimbawo, poti ali kunja ndipo apolisi a Russia sangawafikire mosavuta. Chikuopseza omwe adatsala m'dzikomo. Malinga ndi malamulo a kumeneko, gulu likangotchedwa loopsa, munthu wopezeka akulithandiza, kulisonkhera ndalama kapena kuonetsa zizindikiro zake akhoza kuzengedwa mlandu. Bwalo la ku Ulaya lija, lomwe lidawaweruzira mokomera mu 2018, silingathandizenso pamilandu yatsopano chifukwa dziko la Russia lidachotsedwa m'bungwe lomwe limayendetsa bwalolo m'chaka cha 2022.

Kodi adapindulanji?

Tikayeza ndi zomwe adapempha m'tchalitchi muja, amayiwa adalephera. Putin sadachoke. M'chaka cha 2020 malamulo a dziko adasinthidwa kuti athe kulamula mpaka 2036, ndipo mu March 2024 adalengezedwanso kuti wapambana chisankho. Zionetsero zikuluzikulu zomwe zidabereka guluri zidazilala. Oyimbawa tsopano amayimba m'maholo a ku Ulaya ndi ku America, pamaso pa anthu omwe amagwirizana nawo kale, pomwe mlimi wa ku Mordovia kapena mayi wosoka zovala ku Siberia samva n'komwe nyimbo zawo. Woyimba wodzudzula boma akachoka pakati pa anthu ake, mawu ake amafika kwawo atazilala.

Koma muyeso suyenera kukhala umodzi wokhawo. Chomwe gulu ngati ili limachita ndi kuputa dala olamula kuti aonetse khalidwe lawo lenileni poyera. Mu 2012 maiko ambiri ankaonabe Putin ngati mtsogoleri wolimba koma wotsatira malamulo, woti n'kuchita naye malonda popanda nkhawa. Chithunzi cha amayi atatu atakhala m'kachipinda kagalasi chifukwa cha nyimbo yosakwana mphindi chidapangitsa anthu ambiri kunja kuyamba kufunsa mafunso. Zina mwa zomwe kalata ya ku Mordovia idanena zidadzatsimikizika, ndipo mkulu wa ndende adachotsedwa ntchito. Nyumba ya nkhani yomwe adayambitsa ndiyo yasunga maina a ana a eni omwe boma likadakonda kuti aiwalike.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa mbali zonse. Omenyera ufulu ayenera kudziwa kuti njira yomwe asankha ikhoza kuwatayitsa anthu omwe akufuna kuwakopa. Ukanyoza malo omwe munthu amawalemekeza, satsegulanso khutu kuti amve mfundo yako, ngakhale ikhale yoona. Opemphera nawo ayenera kuchenjera wandale akabwera n'kunena kuti awateteza kwa onyoza. Ku Russia chikoti chomwe ambiri adachiombera m'manja pomwe chinkakwapula atsikana a zipewa, patatha zaka khumi chidatembenukira ansembe awo omwe.

Sikofunika kukonda nyimbo za Pussy Riot, kapena kuvomereza zomwe adachita paguwa, kuti munthu aone kuti zaka ziwiri zidali zambiri, ndipo zaka 13 n'zoopsa. Boma la Russia lili ndi zida za nyukiliya ndi asirikali oposa miliyoni imodzi, koma laononga zaka zoposa khumi likuthamangitsana ndi amayi ochepa onyamula magitala. Ngati nyimbo zilibe mphamvu, monga amanenera ena, bwenzi oweruza a ku Moscow akutayiranji nthawi kulemba zigamulo za anthu omwe sadzabwera n'komwe kudzazimva?